Mlandu wa Bakha wa a Sizasi

3 Epulo

Wokondedwa Chitsiriza,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko ndipo ntchito ikuyenda. Kuno tilipo, kupatula bondo langa ndi mlandu umene ndikufuna kukufotokozera. Uwerenge utakhala pansi.

Ukudziwa kuti chipumireni ntchito ya ukalaliki kukhoti ndakhala ndikuweta abakha a tsumba. Wamphongo uja ndinamutcha Jaji, chifukwa tsumba lake ndi loyera, lozungulira bwino ngati kawigi ka oweruza. Akazi ake ndi atatu, onse a tsumba. Cholinga changa n'chimodzi: mtundu weniweni, wosasakanizika, woti munthu akangoona aziti awa ndi a kwa a Kalaliki.

Tsono tamva. Katatu konse abakhawa akhalira mazira, ndipo katatu konse zotuluka n'zomwezomwezo. Anapiye ena akubwera ndi tsumba, monga kuyenera. Ena akufera m'dzira atakula kale. Ndipo ena, mwana wanga, akutuluka mutu uli see, wopanda ngakhale kanthenga kamodzi koima. Bambo tsumba, mayi tsumba, mwana dazi! Ndakalambira m'khoti ine, zoterezi ndikuzidziwa.

Mumsewu muno muli bakha mmodzi yekha wa mutu wotero: Chidazi, wa a Sizasi ometa tsitsi kuseri kwa mpanda wathu, bambo wake wa mnyamata wamagetsi amene akufuna kukukwatira. Pansi pa mpandawo ndapeza kabowo. Za mazira akufawo, makina awo ometera amalira tsiku lonse pafupi ndi khola langa, ndipo dzira ndi chinthu chosafuna phokoso.

Ndinapita kukawafunsa mwaulemu. Anaseka mpaka kutsala pang'ono kudula khutu la kasitomala.

Choncho ndalamula kuti tsiku lija tinapangana, loti mabanja awiri tikhale pansi kukambirana za ukwati wako, liyambe laima kufikira mlandu uno utatha. Sindingamwe tiyi ndi munthu amene bakha wake ali pa mlandu ndi ine.

Iwe umagwira ntchito m'labotale ya kusukulu ya zaulimi, magazi a nkhuku umayeza tsiku ndi tsiku. Ndilembere umboni wa katswiri, wosainidwa, wonena kuti anapiye a daziwa ndi a Chidazi. Unditumizirenso waya wa mpanda, wa maso ang'onoang'ono.

Ndine bambo ako.


3 Epulo, madzulo

Mwana wanga,

Kapepala aka ndakalowetsa mu envulopu abambo ako atapita kukayeza bowo kachiwiri. Uli bwanji? Ukudya koma? Chifuwa chija chinatha?

Zomwe alembazo usaseke, munthu watsimikiza. Bowo akunenalo ndi lija amadutsa mphaka chikhalire. Chidazi mwini wake ndi wonenepa ngati pilo, sangadutsepo ngakhale utamudzoza mafuta.

Babu la kukhitchini linapsa pamodzi ndi waya wake. Mnyamata wako anabwera ndi zida, atavala bwino, anagogoda, anapereka moni mpaka kunjuta. Abambo ako anamuyankhira pa zenera kuti a mbali ya wozengedwa mlandu saloledwa pakhomo pa wodandaula. Panopa ndikuphika tochi ili kukamwa.

Yankha msanga, ndipo uyankhe mwanzeru. Munthu uyu wandikwana.

Mayi ako.


12 Epulo

Ababa okondedwa,

Kalata yanu ndalandira. Pepani ndi bondolo, muzilipaka mankhwala aja m'malo mogwada pa mpanda. Kuno ndili bwino. Umboni mwapempha, nawu, koma kaya muukonda.

Chamoyo chilichonse chimalandira tizidutswa ta chibadwa tiwiritiwiri, kamodzi kwa bambo, kamodzi kwa mayi. Pa nkhani ya mutu wa bakha tilipo ta mitundu iwiri: ka tsumba ndi ka dazi. Bakha akalandira ta dazi tokhatokha, amakhala ngati Chidazi. Akalandira kamodzi ka tsumba ndi kamodzi ka dazi, tsumba limamera, ka dazi n'kubisala mkati. Chamoyo chonyamula tizidutswa tiwiri tosiyana chotero timati ndi heterozayigasi. Litchuleni pang'onopang'ono, sililuma. Tanthauzo lake ndi lomwelo basi, tiwiri tosiyana. Si matenda, si chipongwe.

Nanga akalandira ta tsumba tokhatokha? Apa ndi pomwe pali chisoni, Ababa. Mwanapiye wotero mutu wake suumbika bwino, ndipo amafera m'dzira. Ndiye kuti bakha aliyense wa tsumba amene akuyenda ndi miyendo yake ndi heterozayigasi. Jaji yemwe. Akazi ake atatu aja omwe. Mtundu weniweni umene mukuufunawo ndi umene mwakhala mukukwirira kuseri kwa khola.

Mukakwatitsa tsumba ndi tsumba, pa mazira anayi alionse yembekezani kuti pafupifupi awiri atulutsa tsumba, limodzi litulutsa dazi, limodzi lifa. Takumbukirani anu aja, si mmene zakhala zikuyendera? Dazilo likuchokera mwa Jaji ndi akazi ake, Chidazi alibe mlandu, makina a a Sizasi alibenso mlandu. Ndipo mukafuna kuti mazira asiye kufa, akaziwo apatseni wamphongo wopanda tsumba. Pafupifupi theka la ana lidzabwerabe ndi tsumba. Wamphongo wotero ali pafupi, simufunika kukwera basi.

Tsiku lija musalisunthe, chonde. Tchuthi ndinapempha kale, ndipo munthu ameneyu ndimamukonda.

Kalata ino, pamodzi ndi ina ya kuseri kwa mpanda, ndapatsira amalume a lole kuti zifike msanga kuposa za ku positi.

Ine mwana wanu,
Chitsiriza.


4 Meyi

Chitsiriza,

Moni sindikupatsa wambiri chifukwa ndakwiya. Uli moyo? Manja anathyoka? Mwezi wathunthu, zii! Abambo ako akuti kukhoti munthu akakhala chete ndiye kuti wavomera, ndipo apitiriza mlandu popanda iwe.

Chidazi wamangidwa. Bowo lija abambo ako analikuza okha ndi khasu, akuti kuti aone ngati wokayikiridwa angadutse. Kenako anathira madeya mzere kuchokera kumpanda mpaka m'khola. Bakha ndi bakha, anatsatira madeya. Chitseko pha! Panopa ali pa limandi m'khola mwathu pamodzi ndi akazi atatu aja, poti ndende ina tilibe. Ndikamuyang'ana ine sakuoneka ngati munthu wodandaula.

A Sizasi anathamangira kumpanda lumo lili m'manja. Anali pakati pometa munthu, sanali kuopseza aliyense, koma abambo ako anangoti basi, akufuna kubwezera pa tsumba la Jaji. Ndiye Jaji tsopano akugona kuchipinda kwathu. Kuchipinda, mwana wanga! M'beseni langa lochapira, mbali yanga ya bedi. Masana amamumangirira ku mwendo wa tebulo pabalaza. Za fungo sindikuuza. Zaka zonsezi abambo ako sanandifunditsepo bulangete, koma bakha akumufunditsa thaulo.

Kumeta nako analeka, poti wometa ndi mdani. Tsitsi lawaima pakati pa mutu, loyera mbee. Ana a mumsewu muno ayamba kufunsa kuti pa awiriwa Jaji ndi uti.

Tsopano tamvera zosaseketsa. Chigamulo chaperekedwa: Chidazi aphedwa kumapeto kwa mwezi uno. A Sizasi alumbira kuti mpeni ukangomukhudza, mwana wawo sadzapondanso pakhomo pano. Mnyamata wako wawonda, lamba akumangira pa bowo latsopano. Kampani ina ikumuitana kukagwira ntchito kutali kwa zaka, ndipo wandiuza pa mpanda kuti poti nawe wangokhala chete, mwina wasintha maganizo, ndiye bola angovomera azipita. Ndinamuuza kuti asapupulume, koma chomusonyeza ndilibe.

Ukataya mnyamata ameneyu chifukwa cha mutu wa bakha, ine sindidzakukhululukirani nonse awiri, iwe ndi abambo ako. Lemba.

Mayi ako.


9 Meyi

Chitsiriza,

Ndikhulupirira uli bwino. Kalata yako yafika dzulo. Amalume ako anaiiwala pansi pa mpando wa lole, ndipo yabwera ikununkha dizilo. Ina ija ya kuseri kwa mpanda ndaitsekera m'kabati kufikira mlandu utatha. Sindinaitsegule, ndine munthu wa malamulo.

Umboni wako ndaukana pa zifukwa ziwiri. Choyamba, mboni ili pa chibwenzi ndi mwana wa mwini wa wozengedwa mlandu. Chachiwiri, wanyoza Jaji. Ukuti mkati mwake muli dazi? Ndamufufuza mutu wonse, ndapatula nthenga imodziimodzi nditavala magalasi, dazi sindinalione.

Koma liwu lako lija ndaliphunzira. Ndinaliyeserera kubafa mpaka lilime linazolowera. M'mawa uno a Sizasi atayamba zolankhulalankhula zawo pa mpanda, ndinaimirira bwinobwino n'kuwauza kuti, "Inu ndinu heterozayigasi, inu ndi banja lanu lonse!" Makasitomala a pa benchi anati, "Aaa, a Kalaliki, mwafika pamenepo?" Wina anathamangitsa ana kuti asamve. Ndi liwu labwino, ndathokoza. Sukulu sindinakutumize pachabe.

Chigamulo chili pomwepo. Waya uja sindinamuone.

Ndine bambo ako.


14 Meyi

Ababa,

Moni, ndipo ndi ulemu wonse ndikuchita apilo.

Poyamba za liwu lija. Mwaligwiritsa ntchito molakwika. Munthu sakhala heterozayigasi yense wathunthu ngati mmene amakhalira wamtali. Timanena pa chinthu chimodzi, monga kuti Jaji ndi heterozayigasi pa nkhani ya tsumba. Ndipo pa zinthu zina ndi zina tonsefe ndife otero, inu nomwe, chifukwa agogo aamuna ndi agogo aakazi sanali munthu mmodzi. Zomwe mwawauza a Sizasi pamaso pa anthu n'zakuti ali ndi bambo ndi mayi, basi.

Tsopano za apilo. Ndamva kuti Chidazi ali m'khola ndi akazi atatu aja, Jaji ali kuchipinda. Ababa, ife kuno timadikira chilolezo miyezi kuti tichite zimene inu mwachita ndi madeya a m'kambale. Mboni zopanda chibwenzi ndi aliyense zili m'mazira. Imitsani mpeni. Abakha akhalire mazira amene akuikira panopa, onsewo ndi a Chidazi. Makina a a Sizasi azilirabe mmene amalirira. Ndikunena poyera kuti ena atuluka ndi tsumba ngakhale bambo wawo ndi wa dazi, ndipo palibe amene afere m'dzira. Likafa ngakhale limodzi, iphani Chidazi, ndipo za ukwati sindidzakuvutaninso nazo.

Mumafuna chosainidwa. Ndasaina.

Chitsiriza.


14 Meyi

Amayi,

Iyi ndatumiza payokha, muiwerengere kukhitchini. Kwa Ababa ndalemba molimba mtima, koma kunena zoona ndikuopa, chakudya sichikulowa. Dzira limafa ndi zambiri: kuzizira, kugwedezeka, bakha kutopa kukhalira. Za chibadwa ndikuzidziwa, koma za mwayi ayi. Ndanena kuti "ngakhale limodzi" chifukwa Ababa mawu oti "pafupifupi" sawamva.

Mazira amene anaikiridwa Chidazi atangolowa kumene muwakazinge, angakhale akadali a Jaji. Atsopanowo muwasamale ngati mkati mwake muli ine.

Kalata ija ili m'kabati. Pomwe pamakhala kiyi mukupadziwa.

Mwana wanu.


21 Meyi

Mwana wanga,

Moni. Apilo yavomerezedwa. Abambo ako anakondwa kwambiri, akuti chiyambire kuweruza pakhomo pano sanalandirepo apilo. Anavala tayi pokauza Chidazi.

Mazira akale tadya mpaka kutopa nawo. Atsopano ndi khumi ndi awiri, ndipo wamkazi wonenepa uja wawakhalira. Abambo ako alemba nambala pa dzira lililonse kuti wina asasinthanitse. Wina wakeyo akunena ine.

Kalata ija inauluka yokha kudutsa mpanda, sindikudziwa kuti zinatheka bwanji. Mnyamata wako wauza a kampani kuti amudikire mpaka kutha kwa Juni. Amayi ake akuti tsiku limenelo anapempha mbale yachiwiri.

Koma iwe ndi pakamwa pako! "Ngakhale limodzi." Ukwati wako wauika pansi pa bakha? Liuma limeneli unalandira mbali zonse ziwiri kwa abambo ako, sindikuona kanga kalikonse kobisala mkati.

Mayi ako.


22 Juni

Chitsiriza mwana wanga,

Moni ndikupatsa kumapeto, nkhani ikundiyabwa.

Anayamba kuswa Lachinayi. Abambo ako anatenga mpando n'kukhala pakhomo pa khola ngati mlonda. Woyamba anatuluka dazi. "Mwaona?" Wachiwiri dazi. Anayamba kuimba kamluzu. Wachitatu atauma, pamutu pake panaima kanthu kofewa ngati thonje. Kamluzu kanatha.

Pofika Lachisanu masana anali atatuluka khumi ndi mmodzi, asanu a tsumba, otsalawo a dazi, onse amoyo, akulira ngati ana a sukulu. Mayi wawo anadzuka n'kuwatsogolera kumadzi. M'chisa munatsala dzira limodzi, lili phee.

Abambo ako analitola, analiika kukhutu, khutu lija losamva bwino, n'kunena kuti, "Lafa." Analiika m'thumba la mkati la jekete yawo yaubweya ija, anamanga tayi, n'kuzungulira kugeti kulunjika kwa a Sizasi. Ine pambuyo, patapata kumodzi ndavala, kwina ndagwira m'manja.

Mometeramo munali modzaza. A Sizasi anali atameta munthu mbali imodzi. Mnyamata wako anali pakona akukonza soketi, ndipo atationa nkhope yake inatuwa. Abambo ako anakhosomola n'kuyamba kufotokoza mlandu. Ukuwadziwa, safupikitsa. Anayambira pa tsiku limene anagula Jaji. Anafika pa kabowo. Anabwerera pa Jaji chifukwa anaiwala kutchula mtundu wa tsumba. M'chipindamo mukutentha, thukuta lili kamukamu, jekete osavula. Wometedwa mbali imodzi uja mpaka anayamba kusinza.

Kenako anakweza mawu: "Tsopano umboni womaliza!" Anapisa dzanja m'thumba, n'kudumpha. "Mayo! Chandijompha!"

Anatulutsa dzira lili ndi kabowo, kamlomo kali panja, kakuti piyo, piyo.

Anthu anafa nacho chiseko. Ine sindinaseke, ndinakhala pansi pa tsitsi la anthu n'kuyamba kulira. A Sizasi anazimitsa makina, anatenga thaulo lawo lofunda, n'kutambasula manja. Abambo ako anayang'ana thaulolo nthawi yaitali, kenako anaikamo dziralo. Mnyamata wako anapeza katoni, analumikiza babu mofulumira kuti lizitenthetsa. Madzulo onse akuluakulu awiriwo mitu inali pamodzi pamwamba pa katoni, akukangana monong'ona ngati n'koyenera kumuthandiza kuswa. Wometedwa mbali imodzi uja anapita kwawo choncho.

Anatuluka dzuwa likulowa. Atauma, tsumba lake linaposa onse. A Sizasi anati, "Mdzukulu wanga uyu. Tsitsi lotere likufuna agogo ometa." Ndinaganiza kuti nkhondo iyambiranso. Abambo ako anangotembenuka, anavula jekete, n'kukhala pa mpando wometera. A Sizasi anawamanga nsalu m'khosi.

Moni tsopano. Idya, wamva? Zakwanira.

Mayi ako.


25 Juni

Wokondedwa Chitsiriza,

Ndikhulupirira uli bwino. Bondo likuchepako. Chigamulo cha apilo ndi ichi.

Khoti lapeza kuti Jaji ndi heterozayigasi pa nkhani ya tsumba. Waona, ndati pa nkhani ya tsumba. Si mlandu, anabadwa nazo. Watuluka kuchipinda, ndipo amayi ako atsuka beseni akuimba nyimbo zimene sindinadziwe kuti amazidziwa. A Sizasi amugulira mkazi wa dazi, akukhala kwawoko.

Chidazi alibe mlandu ndipo wamasulidwa. Chitseko ndinatsegula, koma wakana kutuluka. Khoti silikakamiza.

Za liwu lija ndinawafotokozera a Sizasi tanthauzo lake akundimeta. Anati athokoza, ngakhale zoti ali ndi bambo ndi mayi anali akuzidziwa kale. Panopa akumauza makasitomala kuti aliyense wolowa m'menemo ndi heterozayigasi pa china chake, ndipo palibe amene akukwiya.

Chatsala n'chimodzi, ndipo ichi si cha khoti. Kunena zoona, mwana wanga, tsiku lija lokambirana za ukwati wako sindinkalifuna ngakhale bakha asanalakwe. Ndiwe wotsiriza. Azikulu ako anachoka kale pakhomo, ndipo ukapita iwe m'nyumba muno mutsala ine, amayi ako ndi wailesi. Dzira lija nditaliika kukhutu ndinakondwa kuti lafa, ndipo litandijompha ndinachita manyazi. Unaika ukwati wako pansi pa bakha chifukwa cha ine, ndipo sindidzakupemphanso chotero.

Tsiku tapangana, Loweruka lachiwiri la mwezi wamawa. Pemphanso tchuthi. Waya usatumize, bowo lija likhala, adzukulu a a Sizasi akumadutsira pomwepo.

Ukamalembera mnyamata uja, umuuze kuti babu la kukhitchini likumudikira, amayi ako atopa ndi kuluma tochi. Ndikanamuuza ndekha, koma pa mpanda pamakhala anthu. Akabwera asagogode.

Ndine bambo ako.